Wophunzira ayambe iye kucheza ndi khandalo, mayi ake akuona

Mayi, mwafunsa kuti muwaphunzitse bwanji ophunzira unamwino kulimbikitsa makolo kuyankhula ndi makanda awo, popeza kusikelo amaikamba nkhaniyi koma amayi amangogwedeza mutu basi. Ndinene mosapsatira: vuto ndi kuikamba komweko. Munthu wadzuka mbandakucha, wakhala pabenchi kudikira katemera mwana akulira kumsana, ndiye phunziro la m'mawa layamba ndi malungo, kulera, zakudya za magulu 6, kenako nkhani yanuyo kumapeto. Sangaisunge. Chimene amapita nacho kunyumba n'chimene waona namwino akuchita ndi mwana wake.

Choncho musawapatse mutu wina woti akalalikire. Aphunzitseni kuyankhula ndi khanda pa ntchito imene akugwira kale. Pomuyeza sikelo, wophunzira amuyang'ane kumaso n'kunena kuti, "Tabwera mwanawe, tikuvule kaye. Eee, kwazizira eti?" Akatero akhale chete pang'ono. Apa ndi pamene ambiri amalephera, amangobwetuka osapuma. Akadikira, mwana uja amatukula nsidze, kapena kuponda timiyendo, kapena kuti "aguu". Pomwepo atembenukire kwa mayi: "Mwamva? Wayankhatu. Tamuyankheni inu tione." Zonsezi sizitha ngakhale mphindi imodzi, mzere suima.

Kudikirako kuli ndi chifukwa. Kale anthu ankatsindika kuchuluka kwa mawu amene mwana amamva, potsatira kafukufuku wa Hart ndi Risley wa 1995 pa mabanja 42 a ku Kansas ku America, amene ena anamutsutsa ndithu. Mu 2018, Rachel Romeo ndi anzake ku yunivesite ya MIT ku America anaunika ubongo wa ana azaka 4 mpaka 6 n'kupeza kuti chimene chimayenderana kwambiri ndi luso la chiyankhulo ndi kusinthana mawu, uyu anene uyu ayankhe. Patricia Kuhl nayenso mu 2003 anasonyeza kuti makanda a miyezi 9 a ku America anaphunzira kusiyanitsa mamvekedwe a Chitchaina pocheza ndi munthu maso ndi maso, koma amene anaonera zomwezo pa kanema sanatolepo kanthu. Ophunzira anu aidziwe imeneyi, chifukwa m'tauni makolo ambiri akumupatsa mwana foni poganiza kuti aphunzira Chingerezi msanga.

Ophunzirawo adzakumana ndi mayi wonena kuti, "Kamwana aka sikamva kanthu, anthu aziti ndapenga." Asamuseke, asamukalipirenso. Amuuze kuti mwana amayamba kumva ali m'mimba, m'miyezi itatu yomaliza, ndipo DeCasper ndi Fifer mu 1980 anaona kuti makanda osakwana masiku atatu amakonda mawu a mayi awo kuposa a mkazi wina. Komanso sitikubweretsa zachilendo ayi. Agogo akamam'dumphitsa mdzukulu pamiyendo uku akumutchula mfunda wake, ndi zomwezi. Wophunzira afunse kuti, "Kunyumba amamuseweretsa ndani? Mumamuimbira nyimbo iti?" n'kuyamikira asanalangize chilichonse. Ndipo mayi ayankhule chiyankhulo chimene chimamutulukira mosavuta, kaya Chiyawo, Chitumbuka kapena Chisena.

Chinthu china chimene mabuku ochokera kunja sakhudza kwenikweni: mwana wathu amakhala kumsana nthawi yaitali, amamva mawu koma nkhope saiona. Kubereka n'kwabwino, tisakuletse. Kungoti nthawi yoyamwitsa, yosambitsa ndi yosintha thewera ndiyo yoyang'anana, ndiye wophunzira aloze nthawi zimenezo m'malo mouza mayi wotanganidwa kuti apatule nthawi yapadera.

Zida zilipo. Ndondomeko yolangizira makolo yotchedwa Care for Child Development ya WHO ndi UNICEF ya 2012 inakonzedwera ntchito yomweyi, ndipo MDAT, yoyezera kakulidwe ka ana, inapangidwa kuno ku Malawi n'kusindikizidwa mu 2010, ili ndi gawo la chiyankhulo. Yambani ndi chidole m'kalasi. Adzaseka, adzachita manyazi, makamaka anyamata, asiyeni manyaziwo athere komweko. Kenako apite nazo kuwodi ya kangaru, kumene mayi amakhala ndi khanda pachifuwa usana ndi usiku, mpata woyeserera ulipo wambiri. Koma chonde muziike pa pepala limene mumachongera mayeso a m'wodi. Mukudziwa nokha kuti chimene chilibe malikisi wophunzira amachisiya pageti.

Muwaphunzitsenso kuona pamene kucheza sikukutheka. Mayi amene mwana akulira iye angoyang'ana kukhoma, osamwetulira, osafuna kudya, mwina akudwala matenda okhumudwa amene amagwira amayi ena akangobereka, ndipo kumuuza kuti "ziyankhulani naye" n'kumuwonjezera katundu. Ameneyo afunsidwe modekha n'kutumizidwa kwa woona za matenda a maganizo. Khanda limene silidzidzimuka chitseko chikamenyetsedwa, kapena lafika miyezi 9 osayamba timawu ta "bababa", wophunzira alembe m'buku lake la kuchipatala n'kulitumiza kukayezedwa makutu, osadikira kuti lifike zaka ziwiri.