Makiyi akadali m'manja mwako, mdzukulu wanga

Mdzukulu wina wa ku Chilomoni wandilembera kuti iye ndi amuna ake apeza wogula nyumba yawo, ndipo asamukira ku Lilongwe kumapeto kwa Januwale. Amunawo akuti chaka chino kuseri kusadzalidwe kanthu, mtengo wa mango udulidwe nkhuni zigulitsidwe kwa ootcha njerwa, ndipo tsiku losamuka adzanyamuke mbandakucha anthu asanadzuke. Funso lake n'lakuti: "Agogo, kodi pamenepa pali cholakwika? Nyumbayo si yathu kale?"

Mwanawe, ndiyambe ndi mtengowo chifukwa ndi umene wandiwawa mtima. Wogulayo tsiku limene anabwera kudzaona malo, anaima pati pokambirana mtengo wa nyumba? Ndikhulupirira munamuikira mpando pamthunzi womwewo. Anaona mango ali lendelende, mtima wake unagwa pomwepo. Ndiye adzabwere ndi ana ake adzapeze chitsa? Kumeneko ndi kuba, ngakhale papepala la mgwirizano mango sanalembedwepo. Akuluakulu anati ukapanda mano usamaswe phale. Inu mwakhuta mango zaka zonsezi, asiyireni anzanu.

Komanso ku Chilomoni n'kotsetsereka, m'munsi mwa phiri la Michiru. Ife a mu Blantyre sitinaiwale za Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala ya phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe. Kuchokera nthawi imeneyo, ndikaona munthu akugwetsa mtengo pamalo otsetsereka mvula ili pafupi, m'mimba mumanditentha. Mizu ija ndi imene imagwira dothi kuti lisatsikire kwa mnzako wa kumunsi. Auze amuna ako mwaulemu, muli awiri, osati pamaso pa ana.

Kuseriko lima. Zoona, chimanga chodzala ndi mvula yoyamba ya Novembala simudzachilawa, Januwale chidzakhala chikungomasula kumene. Koma nkhwani suchedwa, masabata ochepa wayamba kuthyola, ndipo bonongwe ndi chisoso zimamera zokha pamene khasu ladutsa. Miyezi iwiri imeneyo mudzadya chiyani, ndalama zonse zikupita ku galimoto yonyamula katundu? Malo osiyidwa thengo amaitana njoka ndi udzudzu, ndiponso amauza akuba kuti eni ake mtima unachoka kale. Sesa pabwalo m'mawa uliwonse monga umachitira. Chimangacho dzala ndithu mizere ingapo, udzamuuze wogulayo kuti, "Amayi, ichi mudzaotchere ana."

Ine ndinasamukapo, kuchoka ku Ndirande. Amene tinalowa m'nyumba mwawo anazula mababu onse, anachotsa loko wa kuchimbudzi, ngakhale waya woyanikira zovala anapita naye. Usiku woyamba tinagona mumdima, mwana wakhanda ali kumsana, ndikupapasa pofuna machesi. Zaka zapita zambiri koma ndikakumbukira ndimamvabe kuwawa. Usamuchite mnzako zotere.

Zotenga zilipo. Yanika nthanga za maungu ndi mbewu ya therere, uzisunge m'botolo ndi phulusa pang'ono. Nkhuku zilandire katemera wa chitopa zisanakwere galimoto, ndipo dengu lake likhale lolowa mphepo, chifukwa ulendo wodzera ku Zalewa, Ntcheu ndi Dedza ndi wautali. Koma ana a nthochi usanyamule. Matenda a chisaka amene anatha nthochi ku Thyolo ndi ku Mulanje amayenda ndi mphukira zomwe anthu amapatsana mwachikondi. Kagule mbewu yabwino komweko.

Tsopano za kunyamuka mbandakucha. Kodi mukuthawa ndani? Ndikudziwa mantha ake: anthu akamva kuti mwagulitsa nyumba adziwa kuti muli ndi ndalama. Pamenepo amuna ako akunena zoona, kuchuluka kwa ndalama musauze munthu, ndipo zidzere ku banki, zisagone m'nyumba ngakhale usiku umodzi. Koma kubisa ndalama n'kwina, kuzemba anthu n'kwina. Mayi amene ankakuonera ana uli kuchipatala, bambo amene anakumba nawo manda pamene munaferedwa, amve kwa ana a m'njira kuti mwapita? Kutatsala sabata ziwiri, lowa khomo ndi khomo, ukhale pansi, utsanzike. Mupitenso kwa amfumu a m'dera lanu pamodzi ndi wogulayo kuti amudziwe, malire a malo aonetsedwe mboni zilipo, anansi a mbali zonse ataima pomwepo. Milandu yambiri ya malo imayamba chifukwa mwini wakale anachoka osaloza pamene mpanda ukuthera. Ku mpingo katenge kalata yosamukira, ndipo ngati uli wa Mvano, amayi anzako akuperekeze ndi pemphero.

Ngongole musasiye. Bilu ya Blantyre Water Board ilipidwe yonse, msonkho wa malo ku khonsolo ya mzinda nawonso, ndipo mita ya ESCOM ndi ya madzi zisinthidwe dzina. Ku banki m'khonde ndi ku chipereganyu maliza gawo lako. Ngakhale ka shuga ndi sopo kamene unakongola pa okala ya pakona, kalipire usanapakire mbale.

Chinthu chimodzi sunandiuze: makolo a mbali zonse ziwiri akudziwa? Ngati malowo anachita kukusiyirani malemu, musalandire ngakhale tambala musanakhale pansi ndi malume ndi abale ena onse. Ngati munagula ndi thukuta lanu, auzenibe, asadzafike ndi thumba la ufa kuchokera kumudzi n'kupeza nkhope zachilendo pakhomo.

Tsiku lomaliza ukolope m'nyumba monse, phulusa la kukhitchini ukataye kudzala. Pawindo usiyepo machesi ndi kandulo, mu mita mukhale mayunitsi a usiku umodzi kapena uwiri, ndipo makiyi ukawapereke ndi manja awiri.