Kuyesa chimanga cha GMO ku yunivesite: yambani ndi chilolezo

Achimwene, mwafunsa ngati mungayambe kuyesa chimanga cha GMO (chosinthidwa chibadwa chake mwa sayansi) mu labu ya yunivesite kuno ku Harare chilolezo chisanatuluke. Ayi, dikirani. Pempho liyambe ladutsa ku komiti ya biosafety ya pasukulupo (yoonetsetsa kuti kafukufuku wa zamoyo sakuika anthu ndi chilengedwe pachiswe), kenako lipite ku National Biotechnology Authority, bungwe la boma la Zimbabwe loyang'anira ntchito zotere, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2006. Kuitanitsa mbewu kunja nakonso kumafuna chilolezo chakechake.

Nkhani ya zinyalala musaipeputse. Lembani momveka m'pempholo kuti zotsala zonse zidzalowa mu autoclave (makina ophera zamoyo ndi nthunzi yotentha kwambiri) pa madigiri 121 Celsius, mphindi zosachepera 30, matumba osamangitsa kuti nthunzi ilowe. Tepi yosintha mtundu imene amamata pa matumbawo musaidalire, imangosonyeza kuti munatentha, osati kuti zonse zafa. Ngayaye muziveke timatumba msanga, poti mungu wa chimanga umauluka ndi mphepo.