Kutentha masana, kuzizira usiku: nyengo ya m'tauni youma

Mwafunsa chifukwa chake tauni ya kumalo ouma, kutali ndi nyanja, imatentha kwambiri masana koma usiku n'kumazizira mpaka munthu kunjenjemera. Gwero lake ndi mpweya wouma. Chinyezi ndi mitambo ndizo zimasunga kutentha usiku. Zikasowa, dzuwa likangolowa nthaka imazizira msangamsanga. Kusiyana kwa madigiri 15 kapena 20 pakati pa masana ndi m'bandakucha si kwachilendo. M'nyengo yozizira chisanu chimayamba kupsereza mbewu za m'zigwa, poti mpweya wozizira ndi wolemera, umatsikira kunsi.

Koma chovuta kwenikweni ndi mvula. Malo otere amalandira mamilimita pafupifupi 250 mpaka 500 pachaka, yambiri n'kugwa masiku owerengeka chabe. Nthaka yogwirana simwa madzi msanga, choncho khwawa louma m'mawa lingathe kusefukira madzulo, ngakhale mvulayo itagwera kutali kumtunda. Musamange m'makwawa otere, ngakhale aoneke ouma bwanji.

Madzi a padenga musawataye: mvula ya mamilimita 20 padenga la masikweya mita 50 ndi malita 1,000. Oyambirira okha ndiwo muwasiye apite, amadza ndi fumbi komanso zitosi za mbalame.