Sebastião Akanasiya Mwana, Kodi Portugal Ikanagwabe M'manja mwa Spain?

Owerenga athu ena anditumizira imelo yofunsa kuti: "Mfumu Sebastião ya ku Portugal inafera kunkhondo isanakwatire, ndipo patangotha zaka ziwiri dziko lake linatengedwa ndi mfumu ya ku Spain. Ikanasiya mwana, kodi zimenezi zikanachitika?" Zikomo achimwene. Mmene ndikuonera ine, mwanayo akanapulumutsa mpando, koma dzanja la Spain likanakhalabe pakhomopo.

Banja lachifumu limeneli linali litatha kale. Mfumu João III, agogo ake a Sebastião, anabereka ana 9 ndi mkazi wake Catarina, koma onse anatsogola iye akali moyo. Mmodzi mwa iwo, bambo ake a Sebastião, anamwalira kutatsala masiku 18 kuti mwanayo abadwe mu Januwale 1554, choncho dziko lonse linkadalira khanda limodzi, lomwe linalowa ufumu mu 1557 lili ndi zaka zitatu. Atakula, mtima wake unali pa nkhondo basi. Ndi yemweyu amene mu 1569 anatuma Francisco Barreto kukwera Zambezi kukafuna golide wa Mwenemutapa. Asilikali ndi akavalo ambiri anatha ndi matenda, Barreto n'kufera ku Sena mu 1573.

Pa 4 Ogasiti 1578 Sebastião anaphedwa ku Alcácer Quibir, ku Morocco, ali ndi zaka 24. Olemekezeka ambiri anagwidwa ukapolo, ndipo mabanja awo analowa m'ngongole powaombola. Mpando unapita kwa Henrique, mng'ono wake wa João III, kadinala wa zaka 66. Mkuluyu anapempha Papa Gregory XIII kuti amumasule akwatire, koma chilolezo sichinabwere, ndipo anamwalira pa 31 Januwale 1580.

Apa adzukulu a mfumu Manuel I, bambo ake a João III ndi Henrique, anayamba kulimbirana mpando. Catarina wa ku Bragança anali mwana wa Duarte, mwana wamwamuna wa Manuel. António wa ku Crato anali wobadwira kunja kwa ukwati. Philip II wa ku Spain ankadzera mwa mayi ake Isabel, komanso anali malume ake enieni a Sebastião, mlongo wa mayi ake Joana. Kwa ife amene ufumu umayenda kuchikazi, kudzera mwa mayi sikodabwitsa, ngakhale Apwitikizi ena ankati woyenera ndi Catarina wa ku Bragança. Chomwe chinagamula mlandu ndi ndalama ndi asilikali. Nthumwi ya Philip, Cristóvão de Moura, inakopa akuluakulu ndi mphatso, mkulu wankhondo wake, Duke wa ku Alba, anagonjetsa António ku Alcântara pa 25 Ogasiti 1580, ndipo mu 1581 msonkhano wa ku Tomar unamulandira Philip.

Tsopano tiyerekeze kuti mwanayo analipo. Choyamba, mayi wake akanakhala ndani? Pokumana ndi Philip ku Guadalupe mu 1576, Sebastião anapempha mwana wake wamkazi, koma wamkulu, Isabel Clara Eugenia, anali ndi zaka 10 zokha. Wina amene ankakambidwa kale anali Marguerite de Valois wa ku France, amene anadzakwatiwa ndi Henri wa ku Navarre mu 1572 osabereka naye mwana. Ndiye ngakhale kumupeza mwana wathu wongoyerekezayu n'kovuta.

Koma tinene kuti anabadwa, ndipo mu 1578 ali ndi zaka zisanu. Philip sakanamulanda mpando poyera. Iye ankafuna kuti zochita zake zizioneka zalamulo, ndipo mafumu ena sakanangoyang'ana. Vuto ndi womulera. Agogo ake Joana anamwalira mu 1573, Catarina mkazi wa João III mu 1578, Henrique mu 1580. Wotsala wamphamvu ndi Philip yemweyo, akuyang'anizana ndi akuluakulu odzala ngongole. Ndikukhulupirira kuti akanasankha yekha aphungu, ndipo mnyamatayo akanadzakwatira m'banja la Habsburg, banja la Philip, monga bambo ake a Sebastião. Paja Sebastião anali ndi agogo a makolo ake anayi okha m'malo mwa 8, chifukwa mabanja awiriwa ankangokwatirana. Mwana mmodzi kumwalira ndi nthomba, nkhani ikanabwereranso pomwepa.

Komabe musachepetse phindu la mfumu yakoyako. Portugal yokhala ndi mpando wake sikanakokeredwa mosavuta m'nkhondo za Philip. Zombo zokaukira England mu 1588 zinanyamukira ku Lisbon. Ndikukayika ngati zikanatero. Adatchi, amene ankagula zokometsera zakudya za ku Asia padoko la Lisbon, sakanatsekeredwa khomo chifukwa cha mkangano wawo ndi Spain. Mwina sakanafulumira kuzinga chilumba cha Mozambique monga anachitira mu 1607 ndi 1608. Ndikuti kufulumira, chifukwa phindu la tsabola linali lalikulu kwambiri moti tsiku lina akanabwerabe okha.

Mbumba ya Catarina wa ku Bragança inadikira zaka 60. Pa 1 Disembala 1640 akuluakulu a ku Lisbon anaukira Spain, ndipo amene anamuika pampando, João IV, anali mdzukulu wake.