Kukonzanso pakati pa tauni ya Zomba kungatenge zaka zingati?

Bambo, mwafunsa kuti khonsolo itati iyambe chaka chino kukonzanso pakati pa tauni yathu, kuyambira kudepoti ndi kumsika waukulu mpaka mashopu a m'mbali mwa msewu wa M3, ntchitoyo ingathe liti. Maganizo anga ndi akuti tiyembekezere zaka 15 kapena 20, ndipo zimenezi zingatheke pokhapokha ndalama zikamabwera mosadukiza.

Kumanga kwenikweniko sikuchedwa, pakuti kontilakitala wodziwa ntchito akhoza kuimika nyumba yosanja m'zaka ziwiri. Chimene chimadya nthawi ndi nkhani ya malo. Puloti iliyonse m'tauni muno ili ndi mwini wake, ndipo ena mwa eni akewo anamwalira kalekale, ana awo anabalalika, wina ali ku Blantyre wina ku Johannesburg, moti kuwasonkhanitsa kuti asainire pepala limodzi ndi ntchito payokha. Ndimadutsa kawirikawiri pa shopu ina imene malata ake anachita dzimbiri mpaka kubooka, loko wa pachitseko anafiira, koma palibe angaikhudze chifukwa abale sanamvanebe za chuma cha masiye. Boma likafuna kutenga malo otere liyenera kupereka chipukutamisozi, ndipo mwini akakana mtengo nkhani imapita kukhoti, komwe imatha kugona zaka.

Palinso anthu amene amadyera pamalopo. Mayi wogulitsa matemba a ku Chilwa ali ndi makasitomala amene amadziwa benchi lake, ndiye simungamuuze kuti asamuke mawa musanamukonzere pena pofikika, pokhala ndi madzi ndi zimbudzi. Mukamukankhira kutali adzabwerera m'mbali mwa msewu, ndipo ine sindingamudzudzule, chifukwa ana ake amadya tsiku lililonse.

Kenaka pali ntchito yosaoneka ya pansi pa nthaka. Tauni yathu ili m'tsinde mwa phiri, choncho madzi a mvula amatsika ndi mphamvu kulowera ku Likangala, ndipo ngalande, mapaipi a madzi ochokera kudamu la Mulunguzi ndi suweji ziyenera kukonzedwa phula lisanathiridwe, apo ayi msewu watsopano udzakumbidwanso.

Mbiri yathu yomwe ikutipatsa muyezo. Bungwe lomanga likulu latsopano ku Lilongwe linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo likulu linachoka kuno mu 1975, zaka 7 pambuyo pake, chonsecho mbali yaikulu ankamanga patchire, popanda mashopu ogwetsa. Aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka m'zaka za m'ma 1990, ndipo nyumba yawo yatsopano ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2010. Ngakhale ku London, komwe ndalama si vuto ngati kuno, bungwe lokonzanso dera la madoko akale la Docklands linagwira ntchito kuyambira 1981 mpaka 1998.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti makhansala amasankhidwa zaka 5 zilizonse, ndipo obwera kumene kawirikawiri amasiya pulani ya anzawo n'kuyamba yawo. N'chifukwa chake ndikadakonda kuti ntchitoyi igawidwe m'zigawo, tiyambe ndi ngalande, msika ndi depoti, zimene zingathe khonsolo imodzi isanatuluke, pamene nkhani za mapuloti ndi nyumba zakale zoyenera kusungidwa zikukambidwa pambali.