Zojambula za ku Japan zopanda kalazi, penti analibe kapena?

Achimwene ena andilembera imelo kufunsa za zojambula zakale za ku Japan zija za mapiri ndi mitsinje, akuti bwanji ndi zakuda ndi zoyera basi komanso pepala lambiri lili mbee ngati munthu anasiyira panjira. Achimwene, penti analipo ndithu, ena ankajambula zofiira ngakhale zagolide nthawi yomweyo, awawa anachita kusankha.

Amati suibokuga, inki ndi madzi basi. Inkiyo ndi mwaye wosakaniza ndi guluu, imakhala yowuma ndiye amapera pamwala wothira madzi, ukachulukitsa madzi imatuwa, ukachepetsa imada bii, ndipo ikangotera papepala palibe zofufuta. Zinachokera ku China ndipo amene anazikonda ndi amonke a Chibuda a gulu la Zen nthawi ya Muromachi, 1336 mpaka 1573, makamaka pa kachisi wa Shōkoku-ji ku Kyoto. Kumeneko kunali Josetsu, uja anajambula munthu akufuna kugwira mlamba ndi chipanda chifukwa shogun (mkulu wa asilikali wolamulira dziko) Ashikaga Yoshimochi analamula, kenako Shūbun, kenako wophunzira wake Sesshū.

Sesshū ndiye katswiri weniweni kwa ine. Anabadwa 1420, anakafikako ndithu ku China mu 1467 n'kubwerako 1469 pomwe anzake ambiri ankangokopera mapiri aku China oti sanawaonepo. Mu 1486 anajambula mpukutu wautali pafupifupi mamita 16, nyengo zinayi za chaka zikutsatana, nyumba, maboti, anthu ali piringupiringu, zonse zooneka bwinobwino, ndiye musaganize kuti mkuluyu zolongosoka zinkamukanika ayi.

Nde onani chojambula chake cha mu 1495 chili ku Tokyo National Museum, mwina ndi chimene chakusokonezani. Anachita ngati wangomwaza inki, phiri lakumbuyo latuwa kusowera mmwamba, kutsogolo chithanthwe chakuda ndi mitengo, mmusi timizere tochepa tomwe ukayang'anitsitsa ndi kanyumba ndi bwato la anthu awiri. Poyera pamenepo ndi nkhungu komanso madzi, sanaiwale, akanati adzazepo phirilo silikanaoneka kuti lili kutali. Anapatsa wophunzira wake Sōen ngati mphatso yotsanzikana, pamwamba analembapo kuti maso ayamba kuchita chidima ndipo anatchula Josetsu ndi Shūbun kuti luso lake linachokera kwa iwowo. Mukachipeza pa intaneti muchikulitse pakompyuta, pafoni bwatolo silioneka.