Mnyamata wothyola tiyi wa m'nthano yanu

Wowerenga wina wa ku Luchenza wanditumizira imelo. Akulemba nthano yopeka ya mnyamata wothyola tiyi amene anakhoza MSCE koma anasowa fizi, ndipo akulimbikitsa anzake apaesiteti kuti akane kuponderezedwa. Funso lake ndi lakuti mnyamatayo apambane kapena agonje.

Achimwene, funso lanu landikumbutsa malume anga. Iwo ankathyola tiyi ku Mulanje, dengu lili kumsana, kuyambira m'mawa mame asanakamuke, ndipo nyengo ya mvula, masamba akachuluka, ankafika pakhomo zala zitathetheka, pulasitiki wa m'chiuno akudontha madzi. Madzulo ankawerenga nyuzipepala zakale pa koloboyi, chifukwa ankalakalaka ukalaliki. Tsiku lina anauza kapitawo pamaso pa anthu kuti sikelo ikuba makilo. Palibe anawamenya kapena kuwamanga, koma nyengo yotsatira dzina lawo silinaitanidwe. Chimene chinawabaya mtima kufikira imfa yawo ndi mawu a agogo anga, amene anawafunsa ali pakhonde kuti, "Iwe, anawa adya chilungamo chakocho?"

Apa ndi pamene olemba ambiri amaphonya, ndipo zimandiwawa. Amapanga mwini esiteti kukhala chilombo, mudzi wonse n'kukhala pambuyo pa mnyamatayo, pamene m'moyo weniweni amene amayamba kumutseka pakamwa ndi abale ake. Sindikuwanena kuti ndi amantha. Makolo a Alhomwe ambiri anachoka ku Mozambique n'kudzakhala pa malo a azungu, kumene ankalipira lendi pogwira thangata. Anamva za John Chilembwe mu 1915, anaonanso anthu akuwomberedwa pa zipolowe za ku Thyolo mu 1953. Munthu amene kamunda kake kathera m'malire a tiyi amadziwa kuti ntchito ikatha nsima yathanso, ndipo nthano yonyoza mantha amenewa ndi yabodza.

Komanso mnyamatayo musamuyeretse ngati mngelo. Azifuna nsapato zabwino, nyumba yamalata ndi ulemu pamsika wa Bvumbwe, monga ankafunira malume anga.

Tsono athere pati?

Musamuphe, ndipo musamunyamulitse pamapewa. Akuluakulu a esiteti amupatse ukapitawo kuti akhale chete, iye avomere chifukwa mlongo wake akufunika fizi. Tsamba lomaliza limupeze ataima pa sikelo ija, cholembera chili m'manja, mayi ake ali pamzere ndi dengu lawo.